Mapepala a Masheya Okulungira Zitumbuwa

Aneba athuwa ndi mwana wa malemu a Yoramu ndi a Malita a kwa Mavwere, ndipo ana awo ndi Titus ndi Favour. Amagwira ntchito ku Lilongwe, kukampani yogulira anthu masheya, n'kumabwera kumudzi pakutha pa mwezi ndi chikwama chokiya. Tayi savula ngakhale popita kudimba. Ukawafunsa za kuntchito amakweza chala: "Mayi, za kasitomala sitiuza ngakhale mkazi wathu." Mawu amenewa ndiwo anandikopa, moti ndine ndinauza mwana wanga Chipiliro kuti ndalama zake za fodya akagulire masheya kwa iwo.

Tsiku lina ndinagula zitumbuwa kwa akazi awo pamsika. Potambasula pepala lokulungira, maso anga anagwera pa dzina la Chipiliro, siginecha yake, nambala ya kubanki ndi masheya onse amene anagula, zonse zili noninoni ndi mafuta! Pepala lina la iye yemweyo linali litapita kale ndi alamu ake, amene anagulanso zitumbuwa pomwepo.

Anebawo ndinawapeza pakhonde. "Bambo a Titus, chinsinsi chija n'chimenechi?"

"Aa, mayi, amenewo ndi akale. Kuofesi anandipatsa kuti ndikawotche, ndiye akunyumbawa anati mapepala abwinobwino asawonongeke."

Lero abale amene sanagwirepo khasu m'munda mwa mwana wanga amva za masheyawo ndipo akudzazana pakhomo pake, aliyense ndi vuto lake. Aneba akuvalabe tayi yawo. Pepala lamafuta lija ndinalisunga m'Baibulo, ndipo lidzatulukamo tsiku limene adzabwere kudzapepesa.