Pepala la Magazi a Mkazi Wanga

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Unali mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira m'mitengo ya mango, ndipo chigayo cha pa Nsaru chinkamveka patali, kugunda n'kuleka. Ndinali nditangochokera kudimba kothirira nazale ya fodya. Ndinapeza achimwene anga aakulu atakhala pakhonde, magalasi ali pamphuno, m'manja muli kabuku ka kuchipatala ka mkazi wanga.

Tinali titakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi popanda mwana. Titatopa ndi mizu, tinapita kuchipatala china ku Lilongwe. Kumeneko anatitenga magazi ndi mkodzo tonse awiri n'kupita nazo ku labotale. Adokotala anati pali kachirombo kotchedwa kilamidiya kamene nthawi zina kamatseka njira ya mazira mwa mayi. Mu mkodzo wa tonsefe sanakapeze. Koma m'magazi a mkazi wanga munali asilikali a m'thupi amene analimbanapo nako. M'magazi anga munalibe.

"Amenewa ndi mapazi chabe," anatero adokotala. "Mapazi sanena kuti chinthu chinadutsa liti, kapena chinalowera pati. Mtundu womwewu wa kachirombo ndi umene umadwalitsa ana maso kumudzi. Kodi mayi, munadwalapo maso muli mwana?"

Mkazi wanga anaseka. Anakulira ku Kabudula, ndipo nyengo ya fumbi iliyonse iye ndi abale ake ankadzuka zikope zitamatana ndi manthongo.

Kwathu munthu akachokera kuchipatala, odzamuzonda amapempha kabuku, ndipo ukakana amati ukubisa kanthu. Achimwene atabwera dzulo lake, mkazi wanga anawapatsa ndi manja awiri, iwo n'kupita nako kwawo. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, ndipo pamudzi ponse ndi okhawo anali ndi buku lomasulira mawu a Chingerezi.

"Khala pansi, mphwanga," anatero. "Ukudziwa zimene zalembedwa umu?"

"Adokotala anatifotokozera, achimwene."

"Anakutonthoza. Ine ndayang'ana m'buku. Awa ndi matenda opatsirana pogonana. Iwe ulibe, mlamu ali nawo. Ndiye anawatunga pachitsime, eti?"

Ndinawauza za mapazi ndi za maso zija. Anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati mwana amene walephera masamu.

"Maso! Kodi mimba imalowera m'maso? Pepala silinama, mphwanga. Amanama ndi munthu, makamaka amene wapusa ndi mkazi."

Mkazi wanga anali kuseri akuswa mtedza wa mbewu. Makoko anasiya kulira kwakanthawi, kenako anayambanso.

Sabata isanathe nkhani inali pabwalo la akulu a mpingo. Ine sindifulumira kuweruza munthu, koma zimene ndinaona m'chipinda chimenecho zimandiwawabe. Amuna asanu ndi awiri, alimi anzanga, amene sangadzale mbewu yatsopano ya ku Chitedze asanafunse mlangizi kuti pathumba palembedwa chiyani, anaweruza mkazi ndi pepala limene palibe mmodzi analimvetsa. Palibe anati tikafunse amene analilemba. Umboni wanga anaukankha, akuti mwamuna wosabereka amaopa kutsala yekha.

"Ingovomerani, mayi," anatero mkulu wina mofatsa. "Mulungu ndi wachifundo."

"Ndivomere chiyani, abambo anga?" anayankha mkazi wanga atagwada. "Ndiname pamaso pa Mulungu kuti inu mundikhululukire?"

Iwo anati kumeneko ndi kuuma mtima. Lamulungu lotsatira dzina lake linawerengedwa paguwa, kuti wayimitsidwa kudya mgonero ndi kuvala zoyera za gulu la amayi. Mlandu sanautchule. Panalibe chifukwa choutchulira, poti unali utafika kale pamjigo.

Ndinapalasa njinga mpaka pa Njewa, n'kukwera minibasi kubwerera kwa adokotala aja. Atamva, anagwira pakamwa. Analemba kalata m'Chichewa chomveka, kuti kuyeza kumeneku sikungasonyeze kuti munthu anagona ndi yani, kapena kuti anagona ndi wina n'komwe. Ndinaipereka kwa abusa m'manja. Anati idikire akulu akadzakumananso, ndipo inadikira miyezi inayi mu kabati.

Mgonero unadutsa kawiri. Mkazi wanga ankakhala pabenchi yakumbuyo atavala chitenje wamba, anzake ali mbee kutsogolo. Ine ndinachoka kumbali ya amuna n'kukakhala naye. Mbale ya mkate itafika, ndinaidutsitsa osatenga.

"Bambo, idyani inu," anandinong'oneza. "Mlandu si wanu."

"Si wanunso," ndinatero.

Pa zimenezo akulu anabwera msanga. Mawa lake lomwe anali pakhomo kudzandidzudzula.

Miyezi inayi ija itatha, akulu atakumananso pa za kalata ija, anatiitanira m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi n'kutseka chitseko. Abusa anati nkhani ija yaonedwa ndipo yatha. Achimwene anangoti, "Nanga adokotalawo osalemba chonchi poyamba bwanji?" Ndinapempha kuti dzina limene linadetsedwa paguwa liyeretsedwenso paguwa pomwepo. Abusa anati zimenezo zingachititse manyazi akulu a mpingo. Choncho mkazi wanga anangoonekera Lamulungu lina atavalanso zoyera, ndipo anthu anati walapa.

Anakhala ndi mbiri imeneyo zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka matenda a mtima atamutenga. Pamaliro achimwene anaimirira m'malo mwa mpingo, nati malemuwa anali mayi wopanda banga. Sindinakuwepo pagulu chibadwire, koma tsiku limenelo ndinachita kuluma mlomo. Pochokera kumanda ndinawapeza ali okha.

"Achimwene, mawu aja mlamu wanu akanawamva ali moyo."

Anayang'ana pansi. Mpaka lero sanapepese.

Kwa zaka ziwiri, mpingo ukafika pa mawu a kukhululuka m'pemphero, ine ndinkatseka pakamwa, poti sindinafune kunama pamaso pa Mulungu. Zimene anachitazo zinali zoipa, ndipo sindidzazitcha dzina lina. Koma zaka ziwirizo zitatha, achimwene, abusa ndi akulu onse aja, ndinawakhululukira.