Msozi wa Zulmira

Nkhondo itatha, a Dário anabwerako ku Malawi n'kuyamba ntchito ku chipatala cha ku Tete, yogoneka odwala pa operasau, pomwe dotolo amawang'amba. Makina oonera ubongo kunalibe. Iwo ankagwira dzanja la wodwala n'kumamutukula zikope, kuti aone ngati wagonadi.

Mkazi wawo Zulmira zimenezi zinkamudya mumtima. Akamayenda ku Degue kumene ankakhala, azimayi ankamuimitsa: "Amuna anu aja manja ofewa! Ndinadzuka akundiyang'ana."

"Ine ndikagona mumangoliza mkonono," Zulmira ankawauza a Dário. "Kodi masowo ndi a eni?"

Zulmira anakhala ndi pakati. Tsiku loti achire, mwana anapingasa, dotolo n'kunena kuti amung'ambe. Poti ndi mkazi wawo, a Dário analetsedwa kumugoneka. Anaima pakhomo, mnzawo akugwira ntchitoyo. Operasau ili mkati, anaona msozi ukutsikira kukhutu kwa Zulmira.

"Akumva amenewo! Onjezerani mankhwala!" anakuwa a Dário.

Anaonjezeradi, zonse n'kuyenda bwino. Zulmira atatsitsimuka, namwino anamufotokozera mmene anapulumukira.

Zulmira anayang'ana khanda, kenako amuna ake. "Nanga dzanja langa anagwira ndani, bambo a mwana?"

"Mnzanga uja."

"Ehe! Akazi onse a m'Tete munawagwira, ine mwiniwake munangondionera pakhomo."