Chubu Chathu Chisanayake

Nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku Mangochi, pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi kwa Mponda. Kwathu ndi ku Ntcheu, kozizira, ndiye majuzi amene ndinanyamula anangothera m'sutikesi. Nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, choncho ndinachita lendi limodzi ndi mphunzitsi mnzanga, mtsikana wa ku Lungwena, Msilamu wokonda kuseka ndiponso wokonda zinthu zooneka bwino. Zinali zaka zimene anthu ambiri a ku Mozambique ankalowa kuthawa nkhondo, moti pamsika unkamva Chiyao, Chichewa ndi Chipwitikizi pa benchi imodzi.

Nyumba yathu inali ndi magetsi, chinthu chimene tinkanyadira nacho. Koma pabalaza panali babu limodzi lokha, lolendewera pa waya, ndipo kuwala kwake kunali kofiirira. Tikamachonga makope a ana madzulo, maso ankachita kuwawa.

Tsiku lina mnzangayo anapita ku Blantyre kukaona azakhali ake. Pobwera anatsika basi atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'chitenje, akuchiteteza kwa aliyense wodutsa pafupi. Chinali chubu cha magetsi, pamodzi ndi chitsulo chake choyera chomangira ku siling'i. Njira yonse anachiimika pakati pa miyendo, osalola kondakitala kuchikweza pamwamba.

"Achemwali, zowerenga mumdima zatha," anatero akuchigoneka pa mphasa.

Eni nyumba anali mayi achikulire amasiye, amene ankakhala kumaso kwa mpanda womwewo akugulitsa mu okala yawo. Titawauza, anavomera, koma anaika lamulo.

"Ikani chubu chanucho, ana anga. Koma pamapeto pake ndione chikalata cha munthu wa laisensi chonena kuti wayeza ndipo zonse zili bwino. Nyumba iyi ndi imene anandisiyira amuna anga, ina ndilibe."

Wa laisensi amene aliyense ankamudziwa anali bambo wina wachikulire wogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Nkopola, ndipo kumupeza kunali kovuta. Mnzanga analibe mtima wodikira. Pamsika, pansi pa mtengo wa mango, panali bambo wina wa ku Mozambique amene ankakonza njinga, mapulaimasi ndi masimbi, ndipo anthu ankangomuitana kuti afundi. Mnzanga atapita kukakonzetsa simbi, anaona tesita m'thumba la malaya awo, kasukuludalaiva kaja kamene kamayaka kakakhudza waya wamoto. Atawafunsa, anamuuza kuti kwawo ankagwira ntchito ya magetsi pa fakitale ya thonje, nkhondo isanafike m'dera lawo.

Afundiwo anabwera Loweruka m'mawa. Anali aatali, owonda, ovala kofia yoyera, olankhula motsitsa mawu. Chichewa ankachimva bwino koma polankhula ankathawira ku Chiyao, ndiye mnzanga ndi amene ankandimasulira pamene ndasochera. Asanayang'ane n'komwe chubu, anafunsa kumene kuli bokosi la mafyuzi. Anazimitsa, nazula mafyuzi onse n'kuwaika m'thumba la buluku lawo.

"Afundi, kuzimitsa kokha sikukwanira?" ndinafunsa.

"Aphunzitsi, ine ndikakhala pamwamba sindiona amene walowa kukhitchini. Wina akhoza kuyatsa osadziwa. Akakhala m'thumba muno mtima wanga umakhala pansi."

Tinawagwirira mpando pamwamba pa tebulo, iwo n'kukwera. Ngakhale mafyuzi anali m'thumba, anakhudzabe waya aliyense ndi tesita asanamugwire ndi chala. Anachotsa babu lakale, ndipo m'bowo la siling'i anatulutsa mawaya atatu: wofiira, wakuda, ndi wina wobiriwira amene anali wongopindidwa, wosalumikizidwa paliponse. Anatifotokozera kuti chogwirira babu chakale chinali chapulasitiki, n'chifukwa chake wobiriwirayo anangomusiya. Koma chatsopanochi n'chachitsulo. Waya wamoto atakhudza chitsulocho, wobiriwira ndi amene amatenga motowo n'kupita nawo m'nthaka, fyuzi n'kupsa. Popanda iyeyo, moto umadikira munthu wopukuta fumbi.

Ntchito sinatenge nthawi. Chubu chinakhala mowongoka bwino pakati pa siling'i, ndipo mnzanga anayamba kuvinavina. Afundi anabwezera mafyuzi a masoketi kuti ndiwaphikire tiyi. Ndinapita kukhitchini, ndinavala masilipasi anga a labala monga mwa masiku onse, n'kuteleka poto pa hotipuleti. Iwo anali ataima pakhomo akusamba m'manja.

"Aphunzitsi, mwayenda opanda nsapato m'mawa wonse. Bwanji mwavala pofuna kugwira poto?"

"Imanyerenyesa pang'ono ukaigwira uli chapansi," ndinayankha. "Tinazolowera."

Mnzanga anawonjezera akuseka kuti iye ankaiona ngati njira yodzutsira munthu watulo. Afundi sanaseke. Anazimitsa hotipuletiyo, natiuza kuti tibwerere ku mbaula mpaka itaonedwa. Kenako anakweranso pa mpando, namasula waya wofiira wa chubu, n'kumukulunga ndi tepi.

"Ichi sichiyaka lero," anatero.

"Afundi, chonde! Kamodzi kokha, tingoona!" anadandaula mnzanga.

Anapukusa mutu. Anati kunyerenyesa kwa poto kukusonyeza kuti mwina waya wobiriwira uja safika kumene ayenera kufika. Tesita imangonena kuti moto ulipo kapena palibe, koma zoti njira ya m'nthaka ndi yabwino imanena ndi mita yoyezera basi.

"Nanga mita yanu ili kuti?" ndinafunsa.

Anayankha m'Chiyao, ndipo mnzanga anachedwa kumasulira. Mita inatsala pa shelefu ku fakitale. Tsiku limene anathawa anangotenga akazi awo ndi ana, n'kulowera kutchire. Tesita inawoloka malire chifukwa inali kale m'thumba la malaya amene anavala. Ananena zimenezi mosadandaula, akumwa tiyi amene ndinawiritsa pa makala, kenako anafunsa ngati tili ndi shuga wina.

Choncho chubu chinakhala pamwamba chosayaka, ife tikuchonga makope ndi nyali ya galasi, mdima woposa kale. Nkhani inafika ku sukulu. Aphunzitsi anzathu ankabwera dala kudzachiona.

"Koma n'chokongola! Tachiyatsani tione."

"Chikudikira mayeso," ndinkayankha.

Ahedi anafika potifunsa pa msonkhano wa aphunzitsi ngati mwana wathu wa pa siling'i uja walemba kale mayesowo, ndipo ngati pali chiyembekezo choti asankhidwa kupita ku sekondale. Mnzanga zinamukwana. Anatuma uthenga kwa amalume ake amene ankaperekera chambo ku Nkopola, kuti akagwade kwa bambo wa laisensi uja.

Bamboyo anatulukira Loweruka lina dzuwa litakwera, pa njinga yamoto yofuka utsi, kumbuyo atamangirira bokosi lathabwa. Anali wamfupi, wonenepa, wa imvi, wolankhula ngati ali pa msonkhano. Tonse tinkamutchula kuti madala. Atamva kuti chubu anaika ndi munthu wokonza njinga pamsika, nkhope inasintha.

"Ana inu, magetsi si tcheni cha njinga. Ndipatseni mpando."

Anazula mafyuzi, nawaika m'thumba. Ine ndi mnzanga tinayang'anana. Anakwera movutikira, natsegula chitsulo chija, n'kusuzumira m'katimo.

"Amene wapinda mawaya awa anaphunzitsidwa. Kamuitaneni."

Afundi atafika, awiriwo anapatsana moni mwaulemu koma mosamala, aliyense akumuyeza mnzake ndi maso. Madala anatsegula bokosi lija. Munali mita yokhala ndi muvi pagalasi ndi chopukusira m'mbali, pamodzi ndi mawaya aatali. Anayamba ndi kuyeza ngati mawaya a m'nyumba sakudontha moto, ndipo anati ali bwino. Atafika pa waya wobiriwira anapukusa, napukusanso, koma muvi sunasonyeze zimene ankafuna.

"Ukuthera panjira ameneyu," anatero madala.

"Ndi zimene ndinkaopa," anayankha afundi.

Tonse tinatuluka kumutsatira wayayo, eni nyumba nawonso atatseka okala. Wayayo ankatsika ndi khoma kuseri kwa khitchini, koma asanafike pansi anali wodulidwa. Chitsulo chokhomedwa m'nthaka, chimene anayenera kumangidwapo, chinali chokhachokha m'maudzu. Tikudabwa kuti chidutswacho chinapita kuti, afundi analoza khola la nkhuku limene tinalipeza pomwepo polowa m'nyumbamo. Chitseko chake chinali chomangidwa bwinobwino ndi waya wobiriwira.

Madala anaseka mpaka kukhala pa mtondo. Eni nyumba anagwira pakamwa, kenako anayamba kukalipira munthu amene ankakhalamo ife tisanabwere, ngakhale anali atasamukira kutali kalekale.

"Nkhuku zake zinali zotetezeka, anthu ayi!" anatero madala akupukuta misozi.

Analumikiza waya watsopano n'kuyezanso, koma madala sanakhutire. Dothi la pamenepo ndi mchenga wouma, ndipo chitsulo chakale chinali chachifupi, chadzimbiri. Apa ndi pamene panabuka mkangano umene sindidzauiwala. Madala ankati mankhwala ake n'kukhoma chitsulo chachitali mpaka chipeze chinyezi. Afundi ankati kwawo ankakumba dzenje n'kuthiramo makala ndi mchere. Wina ankalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, wina Chiyao chosakaniza ndi Chipwitikizi, onse akujambula pamchenga ndi timitengo. Mnzanga anayesa kumasulira mpaka anagwa ulesi.

"Amvana okha awa, achemwali. Tiyeni tikatunge madzi."

Madala ndi afundi anagwirizana zochita zonse ziwiri. Anasankha malo a pafupi ndi pamene tinkatayira madzi otsukira mbale. Madala anathamanga ndi njinga yawo kukatenga chitsulo chachitali, afundi akukumba. Makala athu analowa m'dzenje, mchere wathu wonse n'kutsatira, mnzanga akudandaula kuti usipa wa tsikulo tidya wozizira. Ankasinthana hamala, ife tikuthira madzi.

Nthawi yoyezanso itakwana, madala anatenga mita ija n'kuipereka kwa afundi.

"Maso anga atopa ndi dzuwali, achimwene. Pukusani ndinu, mundiwerengere."

Sindikhulupirira kuti maso awo anali ndi vuto lililonse. Afundi anapukuta manja pa buluku kawiri asanailandire. Anaiika pa njerwa mosamala, nalumikiza mawaya osafunsa kuti uyu apita pati, n'kuyamba kupukusa. Muvi unayenda, nukhazikika. Anatchula nambala m'Chipwitikizi, kenako anazindikira, naibwereza m'Chingerezi. Anakhalabe chogwada kwa kanthawi, dzanja lili pa mitayo, akumwetulira okha.

"Chambone," anatero madala, kutanthauza kuti zili bwino, mawu amodzi a Chiyao amene ndinawamva akulankhula tsiku lonselo.

Anayezanso pa chubu, pa masoketi onse, ndi pa hotipuleti. M'kati mwa hotipuletiyo anapeza waya wina atasupuka n'kumakhudza chitsulo, ndipo afundi anamukonza pomwepo. Kenako madala anakhala pa tebulo, navala magalasi, nalemba chikalata. Pa malo a munthu amene wagwira ntchito anafunsa afundi dzina lawo lonse ndi kalembedwe kake, ndipo iwo anasaina m'munsi monga woyeza. Eni nyumba anachilandira ndi manja awiri, ngakhale kuwerenga sankadziwa, n'kupita nacho kukasunga.

Dzuwa linali likadali pamwamba, koma mnzanga sakanadikira kuti kude. Tinatchinga mawindo ndi zitenje, ana a m'nyumba zoyandikana atadzaza pakhomo. Afundi analumikiza waya wofiira uja, madala anabwezera mafyuzi, ndipo mnzanga anati bisimila n'kudina swichi. Chubu chinaphethira, chinazima, chinaphethiranso. Kenako chinayaka mbee! Ana anakuwa, eni nyumba analuluta.

Chisangalalo chathu chinasanduka manyazi titakweza maso. Makoma amene tinkawayesa oyera anali ndi mizere ya utsi, zala za anthu, ndi akangaude m'ngodya zonse. Babu lakale linkatibisira zambiri.

"Izi ndiye mita yanga siyeza," anatero madala, anthu onse n'kuseka.

Tinadya limodzi mpunga ndi usipa wa mchere wopempha kwa eni nyumba. Pakudyapo madala anafunsa afundi ngati angathe kukwera pa denga la malata masana osachita chizungulire, chifukwa ku Nkopola ntchito inali itawachulukira ndipo miyendo yawo inali itayamba kukana makwerero. Afundi anayang'ana mnzanga kuti awamasulire, ngakhale ndikudziwa kuti anamva bwinobwino. Atamva kachiwiri anayankha kuti denga saliopa.

Loweruka lotsatira ine ndi mnzanga tinalithera kupaka laimu, mitu titamanga mipango. Chakumasana tinamva njinga yamoto ija ikudutsa mumsewu. Madala anali kutsogolo, afundi kumbuyo atakumbatira bokosi lathabwa, kofia ataigwira ndi mano kuti isauluke. Anatiimikira dzanja osaima. Anagwira limodzi ntchito mpaka nkhondo itatha, pamene afundi anatenga banja lawo kubwerera kwawo. Anadzatitsanzika ndi nkhuku yamoyo, ndipo anatiuza kuti mwana wawo wamkazi woyamba akufuna kudzakhala mphunzitsi.