Amalume Akanalowa Ufumu

Ndikukumbukira chaka chimene aphunzitsi ochokera ku Kasama anafika pasukulu yathu ku Malama. Ndinali giredi faivi. Masana ena, malata akuthetheka ndi dzuwa, anatseka buku la mbiri yakale n'kutifunsa kuti, "Angoni akanagonjetsa azungu pankhondo ija, bwenzi inu muli kuti lero?"

Anzanga anayankha zoseketsa, koma ine mtima unathawira kwathu. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anangotsala pang'ono kulowa ufumu ine ndisanabadwe, koma mbumba inasankha mbale wawo wa bere lina.

Pobwerera kunyumba, m'njira yaitali ya m'mitengo ya tsanya, nyenje zikulira, ndinayamba kumanga dziko langalanga. Amalume anali pampando atavala mkanjo, anthu akuwomba m'manja. Ine ndinali m'galimoto yoyera, nsapato zili kuphazi, osalumphanso ndowe za njovu. Ndege yochokera ku Mfuwe ikamadutsa, ndinkadziona ndili pawindo. Malotowa anakoma kwambiri moti fungo la nsomba zimene atate ankawamba linayamba kundinyansa, ndipo ndinkawayankha osawayang'ana.

Loweruka lina ndinawapeza amalume kudimba akudzutsa mpanda umene njovu zinagwetsa.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Ndaswera, Tamala. Tandigwirira luzili."

Ndinagwira, kenako ndinawakhuthulira zonse. Anamvetsera osaseka, thukuta likuyenderera m'ndevu.

"Galimotoyo ndi yabwino," anatero. "Koma amene wakhalamo ndani?"

"Ndine, amalume."

"Iyayi. Ndikanalowa ufumu, amayi ako akanakhala mlongo wa mfumu. Ukuganiza kuti akuluakulu akanawapereka kwa atate ako, msodzi wongotulukira ndi bwato ndi ukonde wazigamba? Akanawapezera mwamuna wina, n'kubadwa mtsikana wina. Nsapato zakozo akanavala ndi iyeyo."

Ndinayang'ana kutsidya, kumene mchenga wa mtsinje wa Luangwa unkanyezimira ngati madzi. Ndinamuona mtsikanayo akudutsa pagalimoto, nkhope yake yachilendo, akuseka ndi amayi anga. M'mbali mwa msewu munalibe ine woti ndimukwezere dzanja. Ndinalakalaka kuthamangira kwa atate.

"Nanga inu simudandaula?" ndinafunsa.

"Masiku ena ndimadandaula," anatero akukoka luzi ndi mano. "Koma ndikakuona ukubwera apo ndi timiyendo tako ta fumbi, ndimati mbumba sinalakwe."

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu. Chisankho chikatha, ndimamva anthu pamsika akuti, "Akanapambana uja, bwenzi tili pabwino." Nanenso ndimalota nawo, poti kulota sikulipiritsa. Koma ndinazindikira kuti tikamakonza zakale m'maganizo, timasuntha mafumu ndi nkhondo, ife n'kudzisiya pomwe tili, ngati tikanabadwabe zivute zitani. Chonsecho ambirife ndife ana a zinthu zimene zinalephereka.