Jasi la a Silas

A Silas anali mlonda pa sitolo ya mmwenye pa Songani. Masana ankalima mpunga kudambo ngati ife tonse, malaya azigamba, matope mpaka m'mawondo. Koma dzuwa likalowa, mmwenye ankawapatsa jasi lakuda la mabatani onyezimira, chipewa ndi wezulo, ndipo munthu ankasintha ndi kayendedwe komwe. M'mawa ankabweza zonse, chifukwa jasilo silinkaloledwa kutuluka pampanda.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Christobel, anakwatiwa ku Halale. Mu 1972 anatumiza kamera yakale kudzera mwa munthu wobwera kutchuthi, ndi uthenga wakuti kamwana kake, Iness, kakuvutitsa kufunsa kuti agogo ake amaoneka bwanji. Chofunika chinali nkhope basi. Koma a Silas analumbira kuti mdzukulu wawo sadzawaona m'zigamba. Ankafuna kuoneka m'jasi, ndipo jasilo linali la usiku, nthawi imene mmwenye sankafuna mlendo pabwalo pake. Motero ankaika kamera pamgolo, n'kumanga ulusi pakachitsulo kojambulira, n'kukoka okha.

Akatswiri owalangiza analipo awiri. A Morton, telala, anagwirako kamera kamodzi paukwati wa alamu awo. A Harry, okonza njinga, anali asanaigwirepo, koma poti anakhalako ku Joni, panalibe chowalaka. Ine ndinkagulitsa mandasi pakhonde la telalayo, ndiye zonse zinkandipeza pomwepo.

Zithunzi zoyamba zitabwera kuchokera kotsukitsa ku Zomba, zinali zakuda bii, kupatula kadontho koyera ka nyali yaulonda pakona.

"Nyaliyi yatuluka bwino zedi, achimwene," anatero a Morton akukonza magalasi awo. "Olakwa ndi inuyo. Mwaifulatira."

"Ayi, vuto ndi phuma," anatero a Harry. "Ku Joni mzungu amasiya diso la kamera chitsegulire. Mdima umafuna kuunyengerera."

Ine ndinati, "Bwanji osangowajambula pompano, dzuwa likuswa mtengo chonchi?"

Onse atatu anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. A Morton anati chithunzi cha masana ngakhale mwana angajambule.

Filimu inkadikira kuti mpunga ugulitsidwe kaye, ndiye kuyesa kulikonse kunkadya miyezi. Ulendo wachiwiri a Silas anatsatira malangizo onse. Anatsegula diso lija, n'kupita kukaima pakhoma, n'kubwereranso kudzalitseka. Khoma linatuluka bwinobwino. Iwowo anatuluka ngati utsi, njerwa zikuonekera pachifuwa pawo.

"Tikupita patsogolo," anatero a Harry. "Taonani mmene zagwirira njerwazi."

A Morton anabisa chithunzicho msanga pansi pa nsalu, ati azimayi a kuchigayo akachiona adzati a Silas amatamba. Kenako anapereka nzeru zatsopano: atsamire mzati, asapume, nyali aiike pansi kuti mabatani awale, chipewa achitsitse ngati sajeni wa polisi. A Silas ankangogwedeza mutu. Anali munthu womvera, ndipo masiku amenewo anali atayamba kutsokomola.

Chachitatu chitabwera, pakhondepo panali chikondwerero. Jasi linatuluka lonse, batani lililonse likuwala, wezulo ali lende pachifuwa. Pansi pa chipewa panali mdima wokhawokha.

A Silas anachiyang'ana nthawi yaitali. "Nanga nkhope?" anafunsa motsitsa mawu.

"Nkhope aliyense ali nayo, achimwene," anatero a Morton. "Jasi ngati ili ali nalo ndi angati?"

A Harry anavomereza kuti ngakhale ku Joni chithunzi chotere amachiika m'galasi. Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinawauza kuti mwanayo sanafunse za mabatani. Anati ndiyang'ane mandasi anga, ntchentche zikutera. A Silas anachitumiza sabata yomweyo, akunena kuti mpunga wina ukacha adzayesanso.

Sanafike nawo mpunga winawo. Chibayo chinawatenga dzinja la 1974. Ku Halale n'kutali, choncho Christobel anafika maliro ataikidwa kale. Anatsika basi pa Songani chakumadzulo, atagwira Iness padzanja, n'kuima pakhonde pathu kuti timupepese. Nthawi yomweyo mlonda watsopano, a Hassani, ankatuluka m'sitolo muja akumanga mabatani a jasi lija.

Iness anapulumuka m'dzanja la mayi ake, n'kuthamanga kukakumbatira jasilo m'miyendo. A Hassani anangoti kakasi, manja ali m'mwamba. Kamwanako kanatembenuka kakuseka.

"Amayi, mumati agogo amwalira. Si awa?"

A Harry anapeza chochita ndi tcheni cha njinga. A Morton anawerama n'kuyamba kupalasa makina, ngakhale panalibe nsalu.

Christobel anandifunsa chapansipansi ngati bambo ake anasiya chithunzi china, choonetsa nkhope. Ndinamuuza kuti chilipo cha nyali ndi cha njerwa.