Bolodi la ntchito limene ndinakonzera alamu anga

Pakhonde la ofesi ina pa boma la Chadiza panali bolodi la zidziwitso, ndipo aliyense wofuna ntchito ankayamba wakaima pamenepo. Mapepala ankawabaya ndi minga, lina pamwamba pa linzake, moti wofuna ulonda ankayamba wawerenga za ng'ombe yosochera, za katemera wa agalu, ndi za msonkhano umene unachitika kale dzinja lathalo.

Ine sukulu ndinalekera panjira. Kuwerenga ndinakuzolowera pa manyuzipepala okulungira kapenta, choncho nkhani iliyonse ya padziko ndinkaidziwa theka.

M'zaka zija ogula thonje atayamba kulowa m'midzi, ndinapalasa njinga kuchokera ku Zemba kukavundukula mapepala aja. Pansi penipeni, kuseri kwa za agalu, ndinapeza chimene ndinkafuna: munthu mmodzi woyeza thonje pa sikelo, wodziwa kulemba. Pepalalo linali loyera, losagwidwa ndi chala cha munthu. Ntchitoyo ndinkaifunitsitsa, chifukwa amalume ake a mtsikana amene ndinkafunsira anali atanena kuti safuna mkamwini wongowerenga.

Wanzeru akanaliphimbanso pepalalo n'kumapita akuimba mluzu. Koma pambali panga panaima bambo wina wa ku Zingalume, chipewa kumanja, akuyang'ana bolodi ngati akufufuza mitambo ya mvula.

"Achimwene, ya ulonda ilipo apa?"

Ndinawafunira mpaka thukuta. Nditaipeza anandithokoza ngati ndawalemba ntchito ndine, ndipo mutu wanga unakula pomwepo. Ndinalunjika kwa mesenjala wa pa ofesipo, amene ankasenda nzimbe pa benchi.

"A mesenjala, bolodi ili likuzunza anthu. Mundilole ndilikonze."

"Lathyoka pati?"

"Silinathyoke. Koma munthu sapeza chimene wadzera."

"Nanga akachipeza msanga, tsiku lonse azichita chiyani?"

Anandilola ndithu, bola ndisataye minga, poti inali ya boma.

Ndinagwira mpaka dzuwa kupendeka. Zakale ndinachotsa. Ndinadula mizere ndi khala: ziweto kumanzere, misonkhano pansi, ntchito pakati, polingana ndi maso a munthu woimirira. Osadziwa kuwerenga ndinawajambulira zithunzi, chibonga pa ulonda, goli pa kuyendetsa ngolo. Nditafika pa sikelo ndinaikirapo mtima, poti inali ntchito yanga. Ndinaijambula yaikulu, n'kuipaka ufa wa njerwa kuti ifiire. Kenako ndinaitana mayi wina wogulitsa mtedza kuti ndiyese luso langa.

"Amayi, tapezani ya thonje."

Analoza asanatule n'komwe lichero. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Tsiku lofunsa mafunso ndinavala shati yobwereka, n'kulawira. Ndinapeza mzere wadutsa pakhonde, wakhota pamtengo wa mango, ukulowera kumsika. Patsogolo penipeni panaima alamu anga, amuna a mlongo wanga, munthu amene kwa zaka ankadutsa pabolodi lija osatembenuka.

"Alamu, inu mukufuna chiyani kuno?"

"Sikelo yanu ija, alamu! Ndinaionera pamsewu ndili panjinga. Muli ndi dzanja, ndikuuzeni."

"Si muli ndi dimba inu?"

"Dimba lilipo. Sikelo ndiyo ndilibe."

Nthawi yanga inafika dzuwa litadutsa paliwombo. Bwana wofunsayo anali atavula tayi, maso ali psuu. Anandifunsa mmene ndinadziwira za ntchitoyo. Ndinakhala tsonga n'kunena kuti bolodi lonse lija ndinakonza ndine, ndipo ndinayamba kufotokoza za ufa wa njerwa.

"Ndiye ndinu?" anatero akuika cholembera pansi. "Ife tinkayembekeza anthu atatu. Chibwerereni sitinalawe ndi madzi omwe. Wotsatira!"

Ntchito anatenga alamu, amene anafika Fomu 2.

Nkhani inafika kwa amalume a mtsikana uja ine ndisanafike. Ndinawapeza akusema mpini, ndipo ndinanjuta chapatali ndithu. Analankhula osaleka kusema.

"Ndamva kuti mwapezera ntchito anthu a boma lonse."

"Mmodzi yekha, bambo."

"Munthu wogwirira anzake chonchi sitingamutaye," anatero akukhomera khasu pampini uja. Analiyesa kulemera, n'kundipatsa. "Munda wa apongozi anu uli kuseri kwa dambo. Kumeneko kulibe mzere."