Mapilya Khumi ndi Awiri a Pakabati ya Mayi

Pepala la bambo ndikadali nalo. Ndi chikuto cha kadelino, kope langa la kusukulu, ndipo kuseri kwake anajambulako kabati yathu ya mbale, tinyali tinayi ta tochi pansi pa thabwa lake, waya mikono itatu, ndi mapilya anayi, miyala ya wailesi ija. Mtengo wa chilichonse analemba pambali, pansi n'kuphatikiza: matumba awiri a kachewere. Dandaulo langa loyamba ndinalipereka kwa mayi mwezi womwewo wokumba kachewere, chaka chachiwiri chibwerereni kothawa nkhondo ku Malawi. Ndinali ndi zaka khumi.

Bambo ankafuna kuti mayi azisankha nyemba patebulo la pansi pa kabatiyo osatsamwa ndi utsi wa koloboyi. Anawerengera sabata yathunthu, kufufuta ndi kulembanso. Chozimitsira anachichotsa pamndandanda, ati msomali ukwana. Malume ndiwo anakagula zinthuzo kumsika wa Ntengo-Wambalame, ndipo bambo anayeza wayayo kawiri iwo ali pomwepo. Chidani chinayambira pamenepo.

Tinyalito tinayaka madzulo atatu okha. Ndimakumbukira nyemba zikunyezimira m'lichero, ndi fungo la pulasitiki imene bambo anawotcha polumikiza waya. Mayi sanayamikire. Anapachika chitenje pazenera, kenako bulangete pamwamba pa chitenjecho.

Tsiku lachinayi mapilya anasowa m'kabokosi kawo. Bambo anagula ena, kuwalemba chizindikiro ndi msomali, n'kuwonjezera papepala lija. Anasowanso. Kachitatu, chimodzimodzi. M'nyumba tinayamba kuyang'anana cham'mbali. Bambo anapita kwa malume ngati okacheza, koma anakatsegula wailesi yawo kumbuyo. Malume, mtima utawapsa, analoza ine. "Alamu, funsani mwana wanuyu. Galimoto yake ya mawaya ikufuna nyali."

Bambo anakhuthula thumba langa la mabuku kusukulu, apulofesolo otiphunzitsa ndi ana onse akuona. Sanapezemo kanthu, koma dzina loti Pilya linandimata. Ndinakalirira mayi. Anangoti, "Zisiye, mwanangu, zidzaiwalika." Sizinaiwalike. Lero ndine mkulu wa mpingo, wosunga makiyi, koma ndikamadutsa ena amagwirabe m'matumba mwawo n'kumaseka.

Mayi tinawaika mwezi watha. Posuntha kabatiyo tinapeza chitini cha mkaka kuseri kwake. Munali mapilya khumi ndi awiri, otupa, a dzimbiri, ndipo asanu ndi atatu anali ndi chizindikiro cha msomali wa malemu bambo. Ndinawerenga kawiri. Akugwirizana ndi pepala. Malume ataona chitinicho sanadabwe n'komwe. Anangoti, "Paja," n'kuyang'ana pansi.

Mayi sindikuwaimba mlandu. Usiku umene tinathawa ndinali khanda kumbuyo kwawo, ndipo ndamva posachedwapa kuti amfuti anayambira nyumba imene munkaoneka kuwala. Koloboyi ankatha kumuzima ndi mpweya umodzi. Tinyali ta bambo tinkawala mpaka kumsewu. Mwana wa zaka khumi sakanadziwa kuti nkhondo itatha, munthu angamaopebe nyali ya m'nyumba mwake.

Koma malume anaona mlongo wawo akutseka zenera ndi bulangete, ndipo chala analoza ine. Choncho ndikupempha mwaulemu kuti tsiku limene abale adzakumane kugawa katundu wa mayi, malume adzayankhe pamaso pa onse: anadziwa liti, ndipo anandisenzetseranji dzina limeneli. Pepala ndi chitini ndidzabwera nazo.